Ka DVD Kosanyada Kaja

Bambo a Tadala, lero chakwana chaka chitisiyireni. M'mawa uno Tadala wapeza chimbale cha chinkhoswe chathu kuseri kwa kabati, chitakandikakandika ngati popalasa nkhuku. Mtima wanga unangoti myuu, poti kulibenso kwina komwe kunatsala mawu anu. Ndinakumbuka tsiku lija tinachoka kuno ku Kawale kukagula DVD m'tauni. Ine maso anali pa yonyezimira, yodula, yoti anzanga akumpingo akaione. Inu munatulutsa m'thumba chimbale chakale cha kwaya, chokandika, n'kumachiyesa m'makina alionse. Yodula ija inachikana. Kotchipa, kopanda ndi dzina lomwe, kanaimba. "Mayi a Tadala, kwathu kuli ana ndi fumbi, tigule kosanyada," munatero. Ndinakukwiyirani mpaka tinatsika minibasi.

Lero ka DVD kaja ndakapukuta ndi chitenje, ndaikamo chimbale chathu. Kanadodoma pang'ono, kenaka si inu apo, mukuvina mosemphana ndi ng'oma, mukuseka. Tadala akungobwereza pomwepo. Munasankha bwino, bambo. Kosanyada kaja kakubwezani pabalaza pathu.