Mabulangete a Mayi a Pulezidenti

Pulezidenti woyamba wa bungwe lathu la Amalawi ku Indiana anali bambo wodziwa kulankhula, koma bungwelo linkayenda chifukwa cha akazi awo. Ine ndinali mlembi, ndipo mapepala a misonkhano yonse ndikadali nawo m'makatoni. Dzina la mayiwo mulibemo ngakhale kamodzi. Tinkangowatchula kuti mayi a pulezidenti.

Iwo ndiwo anakana kuti maliro tizilira ngati eni dziko, pongotumiza khadi ndi maluwa. Wina akafedwa, kaya wamwalirayo ali konkuno kaya kumudzi, ankaweruka kuntchito kwawo kosamalira okalamba n'kulongeza mabulangete m'galimoto. Amayi ankagona pakapeti pabalaza pa ofedwawo, ife amuna m'galaja titazungulira hita. Kuchoka ku South Bend, komwe ankakhala, kukafika ku Indianapolis ndi mtunda, koma ankayendetsa okha ngakhale msewu uterere ndi chisanu.

Kenaka kunabwera chisankho. Achinyamata a ku Indianapolis anaika wawo, mawu oipa anatuluka mbali zonse, ndipo bambo aja anachoka m'bungwe atakwiya. Patapita zaka zingapo anamwalira.

Komiti yatsopano inati malemuwo sanalinso membala, choncho bungwe silingaitane anthu kukagona pamaliro. Wofuna apite payekha. Ndinapsa mtima. Ndinawatsatira kumsonkhano wawo m'lesitilanti ina ya ku Lafayette Road, malamulo a bungwe ali m'manja, ndipo ndinawawerengera ndime ndi ndime. Anandimvera mwaulemu ndithu. Wapampando anati, "Bambo, tidzazidiskasa pa miting'i ikubwerayi." Ngati kuti maliro amadikira msonkhano.

Kunyumba ya maliro, masana anthu anabwera, osati ochepa ayi. Anapepesa, anaimba nyimbo, kenaka mmodzimmodzi anayamba kunena za shifiti ndi za ana. Pamene dzuwa linkalowa tinatsala ine, akazi anga ndi namwino wina amene mayiwo anamugonera pamaliro a amayi ake. Pabalaza mipando inali itakankhidwira kukhoma, mabulangete atayalidwa mpaka kukhitchini. M'galaja munali hita ndi mipando yapulasitiki yozungulira, ndipo ndinakhalamo ndekha, mapepala anga ali pamiyendo.

M'mawa mwake mayiwo anapinda okha mabulangetewo. Ndinayamba kuwatchulira amene sanagone, amene iwo anawagonera maliro awo m'mbuyomo, koma anandidula.

"A mlembi, zisiyeni. Tengani awa, mudzawafuna pamaliro ena."

Atatenga mtembo kupita nawo ku Malawi, mayiwo sanabwerenso. Maliro otsatira anali a bambo ake a wapampando uja. Akazi anga anandifunsa ngati tiike mabulangete m'galimoto. Tinaimbira anthu, aliyense anati watumiza kale khadi. Mabulangetewo ali m'chipinda chapansi, pafupi ndi makatoni anga, ndipo sanatulukemonso.