Khoma la Che Lajabu

Ndikakumbukira Che Lajabu, ndimamva fungo la penti wa maboti ndi palafini wotsukira mabulashi, fungo lomwe linkadutsa mpanda wathu wa bango m'mawa uliwonse n'kusakanikirana ndi utsi wa nsomba zomwe mayi ankawamba kuseri kwa nyumba. Tinayandikana nawo nyumba ku Nkopola. Anali bambo wamfupi, woonda, wa zikhadabo zosatha penti, ndipo ntchito yawo inali yolemba mayina pa maboti ndi kujambula mitu ya anthu pa zikwangwani za ometa tsitsi. Ankakhala ndi mdzukulu mmodzi, Idilisa, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amene ankamata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango.

Zaka zimenezo gombe lathu linali m'manja mwa gulu la anyamata a zikwanje. Mtsogoleri wawo tinkangomutchula kuti Dizilo. Ankaba mainjini a maboti, ankakokolola usipa woyanikidwa pa thandala eni ake akuona, ndipo aliyense ankaidziwa shedi ya malata momwe ankasungamo katunduyo. Ankamudziwanso wapolisi wina wa m'dera lathu, wa ndevu za pamlomo, amene ankapitako pa njinga yamoto n'kubwerako ndi chambo cholendewera pachiwongolero. Bambo anga atawabera injini anakadandaula kwa iyeyo. Anawafunsa risiti. Ataitulutsa, anawafunsa ngati ali ndi mboni yotopa ndi moyo.

Tsiku lina Che Lajabu anakalemba chikwangwani pa loji ina, ndipo anabwerako ndi kabuku ka makatuni komwe mwana wa mlendo anaiwala. Chingerezi sankachidziwa, koma zithunzi zinawauza zonse: mnyamata wobisa nkhope akuthambitsa zigawenga zomwe apolisi ankadyera nazo limodzi. Anatiitana ana tonse pakhonde.

"Taonani," anatero. "Kani kwawonso ziliko? Koma anzathuwa ali ndi wowamenyera nkhondo."

Sabata yomweyo anagawa khoma la nyumba yawo loyang'ana kumsewu m'mabokosi, n'kuyamba kujambula nkhani yawoyawo ndi penti wotsala m'zitini. Ngwazi yawo anaitcha Mwera, dzina la mphepo yogubuduza mabwato. Kumsana inkavala neti ya udzudzu, kumaso nsalu yakuda, ndipo chida chake chinali nkhafi. Bokosi latsopano linkabwera penti akatsala, motero boti la sabata imeneyo likakhala lofiira, thambo la m'nkhaniyo linkafiiranso. Tikaweruka kusukulu tinkathamangira kukhomako tisanavule yunifolomu, ndipo amayi ochokera kunyanja ankaima mabeseni ali pamutu, kuseka mpaka madzi kutayikira m'khosi.

Vuto linali limodzi. Che Lajabu sankatha kupeka nkhope. Ntchito anaiphunzira pojambula anthu okhala pa benchi ya wometa, ndipo dzanja lawo linazolowera kutsata zomwe maso aona.

"Ine m'mutu mulibe nkhope," ankatero. "Nkhope zili kumsika."

Motero mkulu wa zigawenga pakhomapo anali ndi chipsera cha Dizilo. Wapolisi wolandira nsomba anali ndi ndevu zija. Mwera nkhope yake inali yophimbidwa, koma khutu lake lamanzere linali long'ambika, ndendende ngati la Idilisa, lomwe mbedza inang'amba ali mwana.

Bambo anga anapita kukawachenjeza. "Che Lajabu, khutulo fufutani."

"Ndi katuni chabe, achimwene. Munthu angakwiyire khoma?"

Idilisa weniweni ankaopa agalu, ndipo akakwera boti ankasanza lisanachoke pagombe. Amayi akamadutsa pa mango paja ankamufuulira kuti, "Mwera iwe, usipa wathu wapita, ukudikira chiyani?" Iye ankaseka atagwira pakamwa. Ndinamumva tsiku lina akuuza agogo akewo kuti, "Anganga, minofu imeneyi mwaitenga kuti? Ine pampu yokha imanditopetsa." Koma ndikuganiza kuti zinkamusangalatsa, chifukwa anasiya kuvala chipewa chomwe ankabisira khutulo.

Lachisanu lina m'nyengo yotentha, masana, shedi ya Dizilo inapsa. Mpaka lero palibe akudziwa amene anayatsa. Ena amati asodzi otopa, ena amati petulo ndi ndudu ya mmodzi wa anyamata omwewo. Nthawi imeneyo Idilisa anali mumzikiti, pambali pa agogo ake, ndipo amuna ambiri anamuona. Koma utsi utakwera amayi anaimba nthungululu, ndipo ana ang'onoang'ono anadzaza msewu akufuula kuti, "Mwera wawotcha! Mwera wawotcha!"

M'mawa mwake wapolisi uja anabwera. Anaima nthawi yaitali patsogolo pa khoma, manja kumbuyo, akuyang'ana bokosi lililonse.

"Mwandijambula bwino, madala," anatero. "Mimba yokha mwawonjeza."

Kenako anapita pa mango paja n'kumumanga Idilisa unyolo, chubu cha njinga chili m'beseni la madzi. Che Lajabu anatsatira njinga yamotoyo wapansi. Kupolisi anawauza kuti abwere mawa. Atabwereranso anawauza kuti mnyamatayo analibe mlandu, anamutulutsa dzulo lomwelo chakumadzulo. Anthu ogulitsa m'mbali mwa msewu anaona pomwe apolisiwo anamutsitsa: pafupi ndi phulusa la shedi.

Anamupeza amayi otsuka mbale, m'mabango, atafa. Anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, monga mwa mwambo wa Chisilamu. Apolisi anati anamira posambira. Mwa amuna onse amene anaswali naye mumzikiti Lachisanu lija, kapena amene anasambitsa thupi lake n'kuona mabala, palibe anapita kukatsutsa.

Maliro atatha Che Lajabu anapaka khoma lonse laimu. Mvula yoyamba inatsuka laimuyo, ndipo Mwera anatulukiranso, nkhafi m'manja. Anayesa palafini, anayesa mchenga ndi chiguduli mpaka zala kutuluka magazi, koma penti wa maboti anapangidwa kuti asagonje. Pamapeto pake anatenga hamala. Ndinkamva kugunda kwake ndili m'nyumba mwathu, pang'onopang'ono, chifukwa mphamvu analibe, njerwa imodzi kenako kupuma, mvula ikuwanyowetsa. Pomwe panali khoma anapachikapo mphasa. Tikamadutsa tinkaona miyendo ya bedi lawo.

Bambo anga anawapititsira njerwa pa wilibala. Anazibweza.

"Khoma ndinali nalo," anatero.

Sanajambulenso nkhope ya munthu. Ometa tsitsi akabwera ankawauza kuti maso afooka, koma mayina a maboti ankalembabe mowongoka bwino. Anamwalira ine ndili ku sekondale, m'nyumba ya makoma atatu ija.

Lero ndimalemba nkhani za m'makhoti. Ndafufuzapo fayilo ya Idilisa ndipo sindinaipeze, chifukwa mlandu sunatsegulidwe n'komwe. Wapolisi uja anapuma pantchito bwinobwino. Dizilo tsopano amatchedwa bwana, ndipo ali ndi maminibasi oyenda pa msewu wa ku Monkey Bay. Ndikamapita kukaona mayi nthawi zambiri ndimapeza yakeyo ndiyo ili pamzere wonyamuka. Ndimakwera, ndimalipira, ndipo akasuzumira pawindo n'kundipatsa moni, ndimayankha.