Nkhumba ya Mlamu Wanga Orrin

Mlamu wanga Orrin Peaslee anabadwa waulesi moti amayi ake ankachita kumudzutsa kuti ayamwe. Anayesa usodzi, nsomba zinkamuseka. Anayesa kudula mitengo m'nkhalango zathu za ku Maine kuno, nkhwangwa inachita dzimbiri iye akuganizabe poyambira. Ntchito yomuyanja anaipeza boma litaletsa kugulitsa mowa.

Anagula nkhumba yowonda ngati chikwapu, n'kuijambula mizere ndi utoto, n'kuitsekera m'khola kuseri kwa nyumba. Munthu ankalipira kuti aone chodabwitsacho, kenako Orrin ankamupatsa kapu ya mowa wa ramu, ati yaulere. Amuna a m'tauni mwathu, oti nkhumba zawo zomwe sazidyetsa, anayamba kukonda ziweto mwadzidzidzi. Ena ankabwerera kukaionanso mpaka miyendo kukana.

Atagwidwa, khoti laling'ono linagamula kuti akakhale kundende nyengo yonse yozizira. Orrin ankaopa kuzizira kwa ndendeyo kuposa imfa, ndiye anachita apilo. Loya wake Hosea Tibbetts, munthu wa pakamwa posaphwa ngati mtsinje wa Kennebec, anauza khoti lalikulu kuti Orrin sanagulitsepo ngakhale dontho. Ankaonetsa nkhumba basi, ndipo kupatsa mlendo chakumwa si mlandu.

Woweruza anangopempha kuti oonera aja aifotokoze nkhumbayo. Wina analumbira kuti ndi yoyera. Wina anati yakuda, ya nyanga. Wosula zitsulo anati iye nthawi zonse ankaona ziwiri.

Orrin anapempha kuti aitane mkazi wake, mlongo wanga Mehitable, poti ndiye ankaidyetsa. Pamenepo ndiye anadzitchera yekha msampha.

"Mayi, nkhumbayo ili kuti?" anafunsa woweruza.

"Bwana, tinadya kalekale," anatero Mehitable. "Ndinaipha chaka chatha, chipale chofewa chisanayambe kugwa. Akuluakulu awa anakukuta nthiti n'kupempha zina, osafunsa kuti ndiwo zachokera kuti. M'kholamo masiku ano ndimayanikamo zovala."

Chaka chathunthu zitsiru zija zinkalipira kuonera masitonkeni a mlongo wanga, mwini malonda osasuzumiramo ndi tsiku limodzi lomwe.

Apilo inakanidwa. Orrin anatuluka kundende chipale chitasungunuka, makutu atauma ngati nyama yowamba. Mpaka lero amadandaula kuti Mehitable anamupereka. Koma nthiti za nkhumba zikafika patebulo, amayambabe ndi iyeyo kutambasula dzanja.