Maluwa Oyera a ku Woolwich

Zaka zija kwathu matipate atangoyamba, ine ndinkagulitsa maluwa pamsika wa ku Woolwich. Benchi inali ya mayi wina wachimwenye wa chipembedzo cha Chisikhi amene tonse tinkangowatchula kuti Anti. Ntchitoyo ndi imene inkandisunga mu London, komanso ndinkaikonda, sindinama.

Mu Epulo Asikhi amakhala ndi chikondwerero chawo cha Vaisakhi. Amakweza buku lawo lopatulika pa lole yokutidwa ndi nkhata za maluwa achikasu, anthu n'kumasesa msewu patsogolo pake, ena osavala nsapato m'kuzizira konse kuja. Nkhata zambiri zinkatungidwa ndi manja angawa. Anti anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti ndizisamba m'manja, ndizifunda mpango kumutu, ndipo fodya asayandikire maluwawo, chifukwa kwa iwo fodya ndi chonyansa chenicheni.

Ndiye panali mtsikana wina wakwathu amene ndinamupeza kutchalitchi ku Peckham alibe pogona. Ndinamutenga. Ankagona pa sofa panga, kuvala jekete yanga, ndipo Vaisakhi itayandikira ndinamupemphera kwa Anti kuti adzatithandize kutunga nkhata. Kudzilerera njoka m'nyumba kumeneko!

M'mawa wa chikondwererocho, Anti anatsegula katoni ya nkhata zanga pamaso pa azibambo a nduwira ochokera kukachisi. Pakati pa maluwa panali paketi ya ndudu, yotsegula kale. Ine? Ine amene utsi wa basi wokha umanditsokomoletsa? Mnzanga uja anangozolika nati, "Anti, ndakhala ndikumuuza kuti asiye." Azibambo aja anakana katoni yonse. Anti anagwira manja anga n'kuwanunkhiza pagulu ngati mwana amene waba ndiwo. Sanamve fungo lililonse, komabe anati ndisadzabwerenso. Lolemba pabenchi panga panaima mnzanga uja, atavala epuloni yanga.

Anasamuka kwanga sabata yomweyo. Ine ndinayamba kukolopa maofesi ku Lewisham, ndipo mopu iliyonse ndinkaifinya ndikuganiza khosi lake. Koma kutchalitchi ndinkamupatsa moni ndi mano onse panja. Iye anayesa kuti ndine kape woiwala msanga. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chaka chitatembenuka, Anti anapita ku India ku ukwati wa m'bale wawo n'kumusiyira benchi. Imeneyo inali nyengo ya chaka chatsopano cha Matchaina. Bambo wina wa resitilanti ya Chitchaina ankagula kwa ife chaka ndi chaka, ndipo abale ake ankatsatira komweko. Ine ndinkadziwa zimene amafuna: maluwa ofiira, achikasu, ndi timitengo ta manachesi tam'miphika, zoitana mwayi. Ndinkadziwanso zimene safuna kuziona n'komwe tsiku limenelo. Kwa iwo maluwa oyera, makamaka aja amati kirisantimamu, ndi a pamaliro.

Titaweruka mapemphero, mtsikana uja ananditsatira pasiteji ya basi.

"Achemwali, tandithandizani nzeru. Bambo wa resitilanti uja wangoti ndimusankhire abwino monga mwa nthawi zonse. Ndimati ndimupangire oyera okhaokha, ngati a paguwa pa Pasaka. Mukuona bwanji?"

Mtima wanga unavina. Sindinachite kumutchera msampha ayi, anabwera nawo yekha m'manja.

"Oyera ndiye ulemu," ndinatero. "Usaumire. Uike ambiri, ndipo ukawandandalike pakhomo penipeni kuti aliyense wolowa awaone."

Tsikulo ndinajomba kuntchito. Ndinakaima tsidya la msewu, manja m'jekete, ngati wodikira basi. Resitilanti inali itafiira yonse ndi nyali za mapepala. Mtsikana uja anafika ndi ngolo yake, n'kuyamba kuyala maluwa oyera mbee uku ndi uku kwa chitseko, akuimba kanyimbo ka kwaya. Woyamba kutuluka anali mayi ake a mwini resitilantiyo, nkhalamba yoyendera ndodo. Anakuwa mayiyo, abale inu! Mwana wawo anatuluka ali ndi chikwanje chodulira nyama m'manja, poti anali kukhitchini, n'kuyamba kuponda maluwa aja ndi kuwakankhira mumsewu. Anamufunsa mtsikanayo kuti wamutuma ndani kudzalodza mayi ake pa tsiku loyamba la chaka. Basi yanga inabwera, ndinaisiya ipite.

Anti atabwerako anapeza Matchaina onse atasamukira kwa wamaluwa wina. Loweruka ndinapita kumsika ngati wokagula tomato, n'kudutsa dala pabenchi paja. Mtsikana uja atandiona anaphulika, ndipo anasankha Chingerezi kuti msika wonse umve kuipa kwanga.

"Mfiti iwe! Unkadziwa! Zonsezi chifukwa cha kapaketi kamodzi ka ndudu kamene ndinaika m'katoni muja?"

Sizasi ya Anti, amene ankadula maluwa pambali pake, inaima. Ine ndinangotembenuka n'kumapita, tomato wanga m'manja.

Madzulo ake Anti anabwera kwanga, epuloni atapinda bwinobwino, kudzandipempha kuti ndibwerere. Sindinailandire msanga. Ndinawatambasulira manja onse awiri.

"Yambani mwanunkhiza, Anti."

Analira mayi aja, ndipo ndinawaleka alire kaye.

Abusa anandiitana kuti tikambe za kukhululuka. Ndinawafunsa kumene anali pamene ine ndinkanunkhizidwa manja pagulu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Epulo atakwana, lole ya Vaisakhi inadutsa itavala nkhata zanga. M'khamulo ndinamuona mtsikana uja ali pamzere wa chakudya chimene Asikhi amagawira aliyense, jekete yanga ija ikadali pathupi. Ndinabwerera pabenchi, n'kusankha duwa limodzi loyera, lalikulu bwino. Ndinakamupatsa ndi manja awiri, mwaulemu wakwathu. Ulendo uno sanafunse tanthauzo lake.