Ng'ombe Ziwiri za Kumanzere

Senderani kuno zidzukulu, ndipo iwe wolembawe usandithamangitse.

Chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, kutchalitchi kwathu kwa Nthache kunabwera abusa achinyamata. Tsiku lina akutiphunzitsa amayife, anati goli m'Chihebri ndi "oli", liwu loyambira kukhosi, ndipo limanena mtengo wa pakhosi pa ng'ombe komanso katundu amene mafumu ankhanza ankasenzetsa anthu. Tinayesa kulitchula, tonse kumangotsokomola, kuseka mpaka misozi.

Ine mtima unali pa goli la malemu agogo anu aamuna, limene linkangodya utsi kukhitchini. Ng'ombe inanditsalira imodzi, manachesi atapsa mitengo yonse, ndipo lole ya ogula inkaima kumsewu Loweruka lokha. Akapanda kufika kumsewuko awola, ife n'kugona ndi njala.

Ndinafunsa abusa ngati oli wawoyo ng'ombe imodzi ingamukoke. Anati ayi, mpaka ziwiri. Apo mayi wina wamasiye, amene anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukhazikika kuseri kwa dimba langa, anandikodola.

"Achemwali, ng'ombe yanga ija imangodya ngati mlendo. Bwerani nalo golilo."

Loweruka tinapakira ngolo n'kumanga ng'ombe. Koma ng'ombe ya pagoli imazolowera mbali yake, ndiye ziwiri zonsezi zinali za kumanzere. Yanga tinaiika kumanja, iyo n'kumakankhira kwawo. Ngolo inazungulira mtengo wa mango, kubwerera pomwe tinayambira.

"Yanuyi yatengera mwini wake, makani," anatero iwo.

"Nanga yanuyo ikumva Chichewa? Tailankhuleni Chipwitikizi."

Basi ndinatapa madeya m'lichero n'kutsogola chakumanja, pamphuno pa yanga, iwonso ndi lichero lawo chakumanzere. Ng'ombe zikulondola madeya, ife tikuimba "oli, oli" ngati nyimbo ya pamtondo, anthu m'njira akuseka chogwira m'mimba. Tinapeza lole italiza kale injini, koma manachesi onse anakwera, ndipo chaka chimenecho m'nyumba ziwirizi simunalowe njala.

Abusa aja anawasamutsira ku Blantyre, ndimamva mutu unayera kale. Ng'ombe yanga inazolowera kumanja mpaka inafa ndi ukalamba. Ya mayi aja tinaidya paukwati wa mwana wawo wamkazi ndi malume anu aang'ono. Mayiwo ndi asewere angawa, amene akupeta mpunga apowa n'kumanamizira kuti sakundimva.