Pampu ya Mafuta Inandichotsetsa Ntchito

Ndinayendetsa galimoto zaka zisanu ndi zinayi ku bungwe lina ku Dowa. Inali galimoto yaikulu, yoyera, yosaopa matope a m'mapiri. Chaka changa chomaliza inayamba kuvuta. Ikafika pachitunda inkatsamwa, kunjenjemera, kenako n'kuzima.

Tsiku lina inandizimira masana ndili ndekha, pamsewu wafumbi wochokera ku Ntchisi. Foni inalibe netiweki. Ndinakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka, ndikuyang'ana minda ya fodya yokolola kale. Anadutsa mayi mmodzi yekha atasenza nkhuni. Anangoti, "Pepani bambo," n'kupitirira.

Mawa lake abwana anandiitana mu ofesi.

"Bambo, anthu akuti mumathira mafuta a m'zigubu, abwinowo n'kukagulitsa ku Mponela."

Ndinakana, koma anandiuza kuti ndisiye makiyi patebulo. Pamene ndinkatuluka, anzanga onse anaweramira mapepala awo.

Ndinabwerera kwathu kwa Dzoole. Mkazi wanga anali atamwalira kale, ana ali kutauni. Kutchalitchi ndinayamba kukhala pabenchi yakumbuyo, chifukwa mbiri yakuba inali itafika ine ndisanafike.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri, makaniko amene ankakonza galimotoyo anandipeza pamsika. Anati opanga ake aitanitsa galimoto zonse za mtundu umenewo, chifukwa pampu ya mafuta inachoka ku fakitale ili yolakwika kale. Pampu ya galimoto yathuyo opangawo anali ataisintha mwaulere ku Lilongwe.

"Abwana akudziwa?" ndinafunsa.

"Kalata ya opangawo anasainira okha."

Ndinadikira uthenga wa abwanawo mpaka mvula yoyamba inagwa. Sunabwere. Ndinatenga khasu n'kukabzala soya kuseri kwa nyumba.