Mpando wa Amalume

Ndiyamba ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka lero, ndisanakambe za mpando uja wa mlombwa. Unali wa bambo, ndipo atamwalira ndinkauyesa wanga. Unkanunkhira utsi, ndipo mwendo wake umodzi unkalira munthu akakhalapo.

Dzinja lina amalume anabwera kudzakhala kwathu ku Mualadzi. Anali mphunzitsi wa boma. Mwendo wawo wamanzere unapuwala atagwa pa njinga yamoto, choncho sankatha kuima nthawi yaitali m'kalasi. Amayi anasenza mpando wanga pamutu n'kupita nawo kusukulu, osandifunsa.

Kuyambira pamenepo zabwino zonse zinali za amalume. Dzira, amalume. Madzi otentha, amalume. Madzulo amayi ankagwada n'kumawathowa mwendo ndi kansalu, koma ine ndikalasidwa ndi minga ankangoti, "Zula wekha, manja uli nawo." Tsiku lina ndinayamba kutsimphina dala. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha. "Usamuyese Mulungu, iwe."

Malembo amatiuza za mfumu imene inaitana wopunduka miyendo kuti azidya nayo pamodzi masiku onse. Ndinkaimva nkhaniyo kutchalitchi, koma mtima wanga unali wa mkulu wake uja wa mwana wolowerera, wotsala kumunda, wokwiya ndi phwando la mbale wake.

Nsanje sinali yanga ndekha. Aphunzitsi anzawo ankati, "Ife tiziima tsiku lonse, iye ali khale ngati mfumu?" Mkulu wa sukulu analamula kuti mphunzitsi asamaphunzitse atakhala. Amalume anamangirira ndodo yawo kumsana, nakwezedwa pa njinga yamoto kupita ku Chifunde kukadandaula kwa akuluakulu a maphunziro. Sankapempha zambiri, koma kuti aziphunzitsa atakhala ndipo ntchito isawathere.

Yankho linabwera chimanga chikukhwima. Anawasamutsira kusukulu ina kuseri kwa mapiri, kumene ngakhale njinga sifika mitsinje ikadzaza. Akuti kumeneko ana ndi ochepa, sakatopa.

Ndinavina kuseri kwa nkhokwe, poti ndinkati amalume akachoka amayi akhalanso angatu. Sindinamvetse chifukwa chimene amayi anakanira chakudya tsiku limenelo. Sindinkadziwa kuti kutumiza munthu kumene mwendo wake sungamufikitse ndiko kumuchotsa ntchito popanda kutchula mawuwo. Amalume sanagwirenso choko.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akupatseni maso osawawidwa mnzanu akapeza popumira.